Ufumu wa Makalaliki Pakati pa Nyenyezi

Pali mtundu wa nkhani zopeka umene m'chinenero chathu tingautche nthano za sayansi. Nthano zimenezi sizisimba za kale monga zathu za Kalulu ndi Fisi, koma za m'tsogolo mwakutali, pamene anthu adzakhale atapanga zombo zouluka kuchoka pa nyenyezi ina kunka pa inzake. Munthu akamva zotere angayembekeze kuti m'nkhanizo zonse n'zatsopano ndi zonyezimira. Koma wowerenga mabukuwa mofatsa sachedwa kuona chinthu chodabwitsa: alembi ambiri, atapatsidwa ufulu wolenga dziko lililonse limene mtima wao ufuna, amalenga ufumu wokalamba, wodzala ndi maofesi, zidindo, makalaliki ndi ziphuphu, umene ukufa pang'onopang'ono wosadziwa kuti ukufa. Ndipo owerenga satopa nao. Tifuna kufunsa chimene chimakoma mu ufumu wotere, ndipo tidzatsamira pa mabuku a Isaac Asimov otchedwa Foundation, pakuti ndiwo analambula njira imene ambiri aitsata.

Asimov anabadwira ku Russia mu 1920, nakulira ku New York, kumene atate wake anali ndi kasitolo ka maswiti ndi magazini. Mu 1941, ali mnyamata wa zaka 21, anapita kwa John W. Campbell, mkonzi wa magazini ya Astounding Science Fiction, ndi maganizo olemba za kugwa kwa ufumu wolamulira mlalang'amba wonse. Nkhanizo zinatuluka m'magaziniyo kuyambira 1942 kufikira 1950, ndipo pambuyo pake zinasonkhanitsidwa m'mabuku atatu, Foundation mu 1951, Foundation and Empire mu 1952, ndi Second Foundation mu 1953. Iye sanabise khomo limene anapalako moto. Anali atawerenga mbiri yaitali ya Edward Gibbon yosimba za kufooka ndi kugwa kwa ufumu wa Roma, imene gawo lake loyamba linatuluka mu 1776, ndipo chimene anachita ndicho kunyamula Roma ndi kumuika kumwamba.

Likulu la ufumuwo ndi dziko lotchedwa Trantor. Dziko lonselo ndi mzinda umodzi wofoleredwa ndi chitsulo, kupatula pabwalo la nyumba ya mfumu pokha pamene patsala nthaka ndi mitengo. Mumakhala anthu oposa 40 biliyoni, ndipo ntchito ya pafupifupi onsewo ndiyo kuyendetsa boma la maiko 25 miliyoni. Palibe wogwira khasu. Chakudya chimadza tsiku ndi tsiku pa zombo zikwizikwi kuchokera ku maiko 20 a alimi. Ambiri a m'mzindamo amatha chaka osaona thambo, ndipo ena akalitulukira amagwidwa ndi mantha. Ufumuwo wakhala zaka 12,000, kotero kuti palibe amene angaganize kuti ungathe. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Woona nyererezo ndi katswiri wa masamu dzina lake Hari Seldon, amene wapeza njira yowerengera mayendedwe a makamu a anthu m'tsogolo. Masamu ake amuuza kuti ufumu udzagwa, ndi kuti padzatsata zaka 30,000 za umbuli ndi nkhondo, pokhapokha nzeru za anthu zitasungidwa pena, ndipo zikatero mdimawo udzangokhala wa zaka 1,000. Bungwe la nduna limene likulamulira m'dzina la mfumu limuimba mlandu, nilimupirikitsira iye ndi anthu ake 100,000 ku Terminus, kadziko kosauka ka kumalekezero a nyenyezi. Anthu amenewo ndi ana ao ndiwo Foundation.

Umu ndimo nkhani iyambira. Koma chimene chimakhalira wowerenga m'mutu si masamu a Seldon ai, koma anthu awiri kapena atatu amene mlembi watiikira kuti tione kufa kwa ufumu ndi maso.

Woyamba ndi Lord Dorwin, nduna yaikulu ya ufumu, amene afika ku Terminus patapita zaka 50. Anthu a kumeneko ali pa nkhawa, pakuti dziko loyandikana nalo la Anacreon ladziikira mfumu yakeyake ndipo lifuna kuwameza. Dorwin ndi munthu waulemu, wa tsitsi lokonzedwa bwino, wokonda fodya wa mphuno. Akhala nao masiku asanu, nawalankhula mau okoma, ndipo akuluakulu a Terminus atsala mitima ili pansi, poyesa kuti Mfumu yawalonjeza chitetezo. Koma Salvor Hardin, mkulu wa mzinda, anali atajambula mobisa mau onse a mlendoyo, nawapereka kwa katswiri wopeta mau. Katswiriyo atachotsa malonje, zokometsera, ndi mau amene amafafaniza anzao, m'lichero simunatsale kanthu. Masiku asanu ndunayo sinanene chinthu ngakhale chimodzi. Pangano limene anasaina ndi Anacreon nalonso, atalipeta chimodzimodzi, linapezeka kuti likuti Anacreon alibe mangawa kwa ufumu, ndipo ufumu ulibe mphamvu pa Anacreon.

Pali chochitika china chaching'ono cha Dorwin yemweyo chimene, m'kuona kwanga, chiposa choyambachi. Iye amadziyesa wodziwa zakale, ndipo funso limene amalikonda ndi lakuti mtundu wa anthu unayambira pa dziko liti. Atchula mabuku a akatswiri amene anafa zaka mazanamazana zapitazo. Hardin amufunsa chifukwa chake sapita yekha kukafukula m'mabwinja a maikowo. Dorwin azizwa nalo funsolo: kupitako n'kutaya nthawi, popeza akale anapitako kale; ntchito ya wophunzira ndiyo kuwerenga mabuku ao, kuwalinganiza, ndi kusankha amene aoneka wolondola. Ndipo amakhulupirira ndi mtima wonse kuti imeneyi ndiyo sayansi. Munthu ameneyu si wankhanza kapena wopusa. Iye ndi waulesi wa mtundu wina, ulesi umene umavala mkanjo wa maphunziro.

Wachiwiri ndi wosunga makina wa ku Siwenna, dera limene likadali m'manja mwa ufumu. Wamalonda wa ku Terminus, Hober Mallow, amupatsa chiphuphu kuti aone nyumba ya makina opanga magetsi ndi mphamvu ya atomu. Ntchito yosunga makinawo ndi yacholowa: atate akafa alowa mwana, ndipo wakunja saphunzitsidwa. Mallow amufunsa chimene angachite ngati chitsulo china chitathyoka. Wosungayo akwiya, nanena kuti makinawo sathyoka, anapangidwa kuti akhale muyaya. Apo Mallow adziwa chimene anadzera. Makina akuyenda, magetsi akuyaka, wosunga ali pa ntchito ndi yunifomu yake, koma m'dziko lonselo mulibe munthu wodziwa chifukwa chake makinawo amayenda. Amene mukukonzekera kukaima kutsogolo kwa kalasi mudzamuzindikira munthu ameneyu popanda wokuuzani, pakuti mwana amene analoweza matebulo onse koma sangathe kugawa mango 12 kwa anzake atatu ndi mphwake wa wosunga makinayo.

Apa ndipo pagona kukoma kwa nkhani zotere. Ufumu wa Asimov sukufa ndi mkondo wa mdani. Ukufa ndi kuiwala, ndipo chimene waiwala si malamulo kapena miyambo, pakuti zimenezo zikusungidwa mosaphonya. Waiwala chifukwa chimene malamulowo anaikidwira. Tsono imfa yotere tonse tinaionapo, ngakhale amene sitinakwerepo ndege. Aliyense amene anakhalapo pa benchi ya ofesi kuyambira m'mawa kufikira dzuwa litapendeka, kudikira chidindo cha bwana amene ali ku msonkhano, nauzidwa kuti fayilo yake sikuoneka, abwerenso mawa, wayenda kale m'makonde a Trantor. Mlembi watenga chinthu chimene chimatiwawa tikachipeza pa boma, nachikulitsa kufikira chitadzaza thambo, nachiika kutali kokwanira kuti tichiseke. M'buku lachiwiri muli anthu awiri, Lathan Devers ndi Ducem Barr, amene afika ku Trantor ndi uthenga umene ayesa kuti udzaletsa nkhondo ngati ungafike kwa Mfumu. Atha masiku ambiri akukwera kuchoka kwa kalaliki wina kunka kwa wina, aliyense namulipira chake, ndipo Mfumuyo samuona konse. Potsiriza athawa apolisi ali pambuyo. Munthu wokhala ndi chombo chodutsa pakati pa nyenyezi walephera kudutsa tebulo la kalaliki.

Tisayese kuti zimenezi n'zopeka zokhazokha. Mu 1955 Mngelezi wina wolemba mbiri, C. Northcote Parkinson, analemba m'nyuzipepala ya The Economist nkhani yanthabwala koma ya manambala oona. Anaonetsa kuti Colonial Office ya ku London, imene inkayang'aniranso Nyasaland, inali ndi antchito 372 mu 1935, koma pofika 1954 anali 1,661, ngakhale kuti maiko monga Ceylon ndi Palestine anali atachoka kale m'manja mwake mu 1948. Munda unkachepa, nkhokwe za mapepala zikuchuluka. Parkinson anati chifukwa chake n'chakuti bwana aliyense amafuna kuchulukitsa om'tumikira, osati opikisana naye, ndiponso antchito a m'maofesi amapangirana ntchito okhaokha. Ofesiyo inatha mu 1966, patangopita zaka ziwiri Malawi atalandira ufulu.

Ufumu wa mapepala usiyana ndi ufumu wa pakamwa pa chinthu chimodzi chimene olemba nthanozi amachidziwa bwino. Mphamvu za Kalonga wa Amaravi zinkaoneka pa mitulo, minyanga ndi zikopa zimene mafumu aang'ono ankatula kwa iye. Ndipo pamene Undi ndi Lundu anayamba kudziimira paokha, kufooka kwa likulu sikukanabisika, popeza chosafika pabwalo aliyense amachiona kuti sichinafike. Koma pepala silidziwa kuti mwini wake wafa. Kaundula amasungabe dzina la dera limene linapanduka kalekale, ndipo kalaliki amalitumizirabe kalata. N'chifukwa chake chithunzi chomvetsa chisoni koposa m'mabukuwa ndi cha Dagobert IX. Trantor atafunkhidwa, banja lachifumu linathawira ku kadziko kena kamene linakatcha Neotrantor, ndipo kumeneko nkhalamba yosokonezeka mutuyi imalandira alendo ndi ulemu wonse wachifumu, nilankhula za zigawo zimene zinatayika kale ngati zikali zake. Alendowo atapempha chilolezo chokawerenga m'nyumba ya mabuku ya ku Trantor, iyo ilemba kalata ndi kusaina. Timaseka, koma kuseka kwake n'kwa pamaliro a nkhalamba, pamene adzukulu amachita nthabwala misozi ili m'maso.

Asimov achita bwino posatipatsa ufumu wa zitsiru zokhazokha, pakuti ukadatero sitikadaumvera chisoni. Bel Riose ndi kazembe wa nkhondo wachinyamata, wolimba mtima, wokhulupirika, ndipo atsala pang'ono kugonjetsa Foundation. Mfumu yake, Cleon II, nayonso ndi yamphamvu. Koma mphamvu ziwirizo ndizo zimuphetsa: mfumu imene yakhala pampando mwa kukayikira aliyense singalole kazembe wopambana nkhondo kumalire, pakuti akazembe otere ndiwo amabwerera kudzalanda mpando. Riose aitanidwa ku likulu, naphedwa. Dzina lake likumbutsa Belisarius, kazembe wa mfumu Justinian, amene analanda Carthage mu 533 ndi kulowa mu Roma mu 536, koma mbuye wake sanaleke kumukayikira, ngakhale kuti iyeyo sanaphedwe. Chimene chimagwira mtima apa n'chakuti palibe woipa amene tingamuloze chala. Aliyense wachita chanzeru pa malo pake, ndipo nzeru zonsezo pamodzi zadula dzanja lomaliza limene likadatha kugwira chishango. Ziyenera kunenedwa, komabe, kuti mlembi walipira mtengo pa phunziro limeneli: ngati zonse zinalembedwa kale m'masamu a Seldon, ndiye kuti kuthamanga konse kwa Devers ndi Barr kunali kwachabe, ndipo wowerenga wina adzamva ngati amunamiza. Anthu a Asimov ambiri ndi pakamwa chabe ponenera maganizo. Amakhala m'zipinda nakambirana, nkhondo zikuchitikira kuseri, ndipo m'buku loyamba akazi ali ngati mulibe.

Bwinja lili ndi kukoma kwakenso. Gibbon anasimba kuti maganizo olemba mbiri yake anamudzera mu 1764 atakhala pakati pa mabwinja a Roma, akumva amonke akuimba mapemphero a madzulo pamalo pamene kale panali kachisi wa milungu ya Aroma. Asimov atipatsa chofanana nacho: pa Trantor wogumuka, otsala akukanganula zitsulo za mzinda, nazigulitsa kwa amalonda, nalima pa nthaka imene yakhala yosaona dzuwa zaka zikwi. Munthu akamapita pa bwinja la mudzi, naona phulusa la mafuwa ndi mitengo ya mango imene eni ake anaisiya, amamva kanthu kamene samva pa mudzi watsopano wa malata. Ufumu wongoyamba kumene uli ndi nkhani imodzi yokha, ya kugonjetsa. Wokalamba uli ndi ming'alu, ndipo m'ming'alumo ndimo wamalonda, wozembetsa katundu, kazembe wosakhutira ndi kalaliki wachifundo amapeza poyenda. Wolemba nthano amafuna ming'alu monga Kalulu afunira mfumu Mkango yogona tulo.

Otsatira Asimov achulukitsa zimenezi, ena mopitiriza muyeso. Kanema wa Star Wars wa mu 1999 ali ndi Coruscant, dziko limene lonse ndi mzinda, ndipo nkhani yake iyamba ndi mkangano wa msonkho wa malonda. Dziko la Naboo litalandidwa, nyumba ya malamulo iganiza zotuma komiti kukafufuza ngati lalandidwadi. M'masewera ndi mabuku a Warhammer 40,000, amene anayamba ku England mu 1987, Mfumu yakhala pa mpando wagolide zaka 10,000 yosakhala yamoyo kapena yakufa, makalaliki osawerengeka akulamulira m'dzina lake, ndipo osunga makina asanduka ansembe amene amafukiza lubani ndi kupempherera injini isanalizidwe. Ameneyu ndi wosunga makina wa ku Siwenna uja, atavekedwa mkanjo wofiira.

Tsopano tifike pa chimene wowerenga wa kuno sayenera kuchimeza osatafuna. Mabuku a Foundation aima pa chikhulupiriro chimodzi chimene sachifunsa: chakuti ufumu waukulu ukagwa chotsatira ndi mdima, ndi kuti mankhwala a mdimawo ndi ufumu wachiwiri. Seldon safuna kumasula maiko 25 miliyoni aja. Afuna kufupikitsa nthawi imene adzakhale opanda mbuye. Maiko a kumalire amene adziimira paokha amatchedwa achikunja, ndipo mafumu ao amajambulidwa ngati ana ovala zovala za akulu. Maganizo amenewa ndi a munthu woimirira pa likulu. Agogo athu amene ankathawira m'phiri pomva kuti mesenjala wa msonkho wafika sakadawerenga 1964 ngati chiyambi cha mdima.

Ndipo taonani njira imene Foundation igonjetsera anansi ake. Hardin awapatsa mphamvu ya atomu, koma ataikulunga m'chipembedzo chopeka. Anyamata a ku Anacreon apita ku Terminus kukaphunzira unsembe, naphunzitsidwa kutembenuza zitsulo za makina ndi kunena mapemphero ake, koma chifukwa chake chibisidwa kwa iwo. Tsiku limene olamulira a Anacreon atuma zombo za nkhondo, ansembe azimitsa magetsi a dziko lonse. Pambuyo pa ansembe padza amalonda, ndipo pambuyo pa amalonda padza ulamuliro. Ife amene tidziwa kuti mishoni ya Livingstonia inafika mu 1875, ya Blantyre mu 1876, kampani ya African Lakes mu 1878, ndi boma la Angelezi mu 1891, mndandanda umenewu suoneka wachilendo, ngakhale kuti amishoni aja ankakhulupirira zimene ankalalikira, pamene Hardin sakhulupirira. Chachikulu n'chakuti umbuli umene mlembi auseka mwa wosunga makina wa ufumu wakale, ngwazi zake ziupanga dala mwa anthu ena, ndipo bukulo liziombera m'manja. Mwina Asimov anaiona yekha mbuna imeneyi, pakuti pofika pakati pa buku lachiwiri Foundation nayonso ili ndi wolamulira wacholowa, Indbur III, kamunthu kokonda mapepala osanjika bwino ndi malipoti olembedwa m'ndondomeko yake, kamene kakomoka tsiku limene adani afika.

Tisamunamizire mlembi kuti sanamve konse kulira kwa olamulidwa. Ku Siwenna kuli nkhalamba Onum Barr, atate wake wa Ducem, amene asimbira Mallow m'mene asilikali a Mfumu anadzalangira dera lonse, ngakhale anthu ake anali atapirikitsa bwanamkubwa wopanduka m'dzina la Mfumu yomweyo. Mwa ana ake aamuna asanu ndi mmodzi munatsala mmodzi. Masamba amenewo ndi ena mwa abwino koposa m'bukumo. Koma Siwenna atachoka m'manja mwa ufumu agwera m'manja mwa Foundation, ndipo nkhani ipitirira.

Panapita zaka zambiri kuti nthano yotere isimbidwe ndi maso a wa kumalire. Mu 2019 Arkady Martine, mai amene anaphunzira mbiri ya ufumu wa Byzantium, anatulutsa buku lotchedwa A Memory Called Empire, limene linalandira mphoto ya Hugo mu 2020. M'menemo mtsikana Mahit Dzmare atumidwa kukhala kazembe wa kwao, kamudzi ka m'mlengalenga ka anthu 30,000, ku likulu la ufumu wa Teixcalaan, kumene mfumu yakalamba ndipo nduna zikulimbirana mpando. Mahit anaphunzira chinenero cha ufumuwo kuyambira ali mwana, analoweza ndakatulo zake, ndipo amazikonda koposa za kwao. Komabe adziwa kuti ufumu umene aukondawo ufuna kumeza kwao, ndi kuti ngakhale alankhule bwino chotani, eni mzinda adzamuyamika monga ayamikira wachikunja wochenjera. Iye saseka ufumu monga Hardin, ndipo saulira monga Dagobert. Zipolowe zitatha, mfumu yatsopano imufunsa mphoto imene afuna, ndipo iye apempha kuti amulole kubwerera kwao.